Nsomba Zong'ambika Mitu

Choyamba chimene ndinaona chinali mitu ya nsomba. Mwamuna wanga anatula dengu pakhomo dzuwa litangotuluka, mathalauza ali chinyowere mpaka m'chiuno, nati, "Mayi a mwana, tumbulani izi. Zina muyanike, zina tidye."

Ndinakondwa. Anali makumba aakulu onona, ndi milamba ikadapuma. Ndinakhala pansi ndi mpeni, wamng'ono ali kumsana, mwana wanga wamkazi atanjuta pafupi kudikira kuti ndimupatse mazira a nsomba. Nditagwira yoyamba ndinaona kuti yang'ambika kuseri kwa mutu. Ndinaiika pambali n'kutenga ina. Nayonso chimodzimodzi. Ndinafufuza dengu lonse, manja akufulumira okha, ndipo pafupifupi zonse zinali zong'ambika pakhosi, zina mutu ukungolendewera.

Ine ndinabadwira m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, nkhondo isanatithamangitse, ndipo malemu bambo anga anali msodzi. Ndikudziwa mmene mwini matchera amawonjolera nsomba. Amaigwira pang'onopang'ono, nakankha mutu kuti ulusi utsetsereke wokha, chifukwa ukonde ndi wake ndipo ukaduka adzausoka ndi iye yemwe. Amene amang'amba nsomba chonchi ndi munthu amene akufulumira chifukwa ukondewo si wake.

"Mwazitenga kuti izi?" ndinafunsa.

"Andipatsa anzanga kudoko. Ndinawathandiza kukoka bwato."

"Anzanuwo amawonjola ndi mano?"

Anaseka, koma sanandiyang'ane. "Iwe tumbula nsomba. Unalowa liti upolisiya?"

Ndinatumbula, tinadya. Koma mitu yonse ndinaidula n'kuiphika payokha, ndisanayanike kanthu pathandala pamene anthu odutsa akanaona.

Tinali titabwerera kwathu kuchokera ku Malawi mtendere utangokhazikika. Mwamunayo ndinakumana naye kumsasa wa othawa nkhondo. Kwawo kunali cha ku Amaramba, koma abale ake anamwazikana, ena anafa, ndiye pobwerera anabwera nane kumudzi kwa amayi anga, chikamwini monga mwa mwambo wathu. Tinabwera ndi khasu, chikwanje, ndowa, mabulangete ndi mbewu zimene anatigawira. Munda wa amayi tinaupeza uli thengo, ndipo mbali yake ya chonde, ya kudambo, inali yozikidwa timitengo topakidwa utoto wofiira, kusonyeza kuti pansi pali mabomba. Tinkalima kumtunda kwa mchenga, chinangwa ndi chimanga pang'ono.

Sitinafe ndi njala. Ichi ndimachibwereza chifukwa anthu akamva za wakuba amathamangira kunena kuti njala. Kumsasa kuja tinagonapo ndi njala yeniyeni, ndipo munthu yemweyu sanatolepo ngakhale chitsononkho cha mwini. Anayamba kuba tili kwathu, pa mtendere, chinangwa chili m'munda.

Masiku amenewo pakamwa pa aliyense panali zinthu zomwezomwezo: njinga, wailesi, malata. Koma makamaka njinga. Wanjinga ankanyamula nsomba pa Chiuta m'mawa n'kukafika nazo pa bazali, msika wa m'tauni ya Insaca, zikadali bwino, pobwera n'kugula sopo amene timati sabawu, mchere, ndi kapulana, chitenje cha mkazi. Wopanda njinga ankasenza pamutu, n'kukafika msika ukutha, nsomba zitayamba kununkha, ntchentche zikumuperekeza. Amene anatuluka usilikali analandirako kangachepe, ambiri anagula njinga. Amene anachita geni ku Malawi anabwera nazo zawo. Tsiku lililonse belu linkalira panjira ya kuseri kwa nyumba yathu, ndipo ndinkamuona mwamuna wanga akusiya kulima, n'kumvetsera mpaka belulo litazimiririka.

Anayesa, ndipo ndinaona ndi maso anga. Anapita ku Insaca kukafuna ntchito, anamufunsa m'Chipwitikizi, iye sukulu yake yonse anaphunzira ku Malawi, anangoima kukamwa kuli yasa. Anamufunsa mapepala, mapepala anapsa ndi nyumba ya kwawo. Itabwera ntchito yokonza msewu, amene ankasankha anthu anasankha odziwana nawo. Anapita kudoko kukapempha malo m'bwato. Eni mabwato kumeneko ndi anthu okhazikika kalekale, ambiri Asilamu, olankhula Chiyao ndi Chinyanja, anthu aulemu ndithu, koma bwato limakwera mwana wa mwini ndi mphwake, ndipo malo anali atadzaza. Anamuuza kuti, "Pasiyensiya, pirirani bambo, mubwerenso." Anabwerera kangapo, yankho linali lomwelo.

Kunyumba nakonso sankapuma. Kwathu mkamwini salankhulana maso ndi maso ndi apongozi ake, ndiye amayi anga ankalankhula ndi nkhuku. Akamaziwazira madeya iye ali pafupi ankati, "Idyani, idyani ana anga. Inu ndiye bola, mumaikira mazira. Ena amangodya." Amayi a pamudzi akamasinja ankaimba nyimbo yawo yopeka, ya mkamwini amene anabwera ku Malawi ndi bulangete lokha, nalifunda, nalikhalira, nalikwera kupita ku Insaca. Ankaseka mpaka misi kugwa. Ngakhale achimwene anga, amene ndi nkhoswe yanga komanso malume wa anawa, munthu wofatsa, ankamuseka. "Akunyadu," ndiye kuti alamu, "njinga yanu ija mwaipopa lero?" ankatero akuloza miyendo yake. Iye ankaseka nawo. Akalowa m'nyumba ankakhala pamphasa, akusisita mapazi ake ong'aluka.

Si iye yekha amene zinamuvuta. Panali wina pamudzi pathu amene anangosiya zonse, n'kukhala pansi pa mango ndi kachasu, ndipo anthu anatopa kumunena. Panali winanso amene m'mawa uliwonse ankavala malaya ake oyera n'kuyenda mpaka ku Insaca kukakhala pakhonde la ofesi, akudziwa kuti ntchito kulibe, madzulo n'kubwerera. Achimwene anga iwo anangoweramira khasu, za njinga anazichotsa mumtima. Mwamuna wanga sanathe kuzichotsa. Ankaifunabe monga mmene aliyense ankamuuzira kuti mwamuna ayenera kuifuna, pamene njira zonse zopita kumeneko anazipeza zotseka. Sindikunena kuti anachita bwino. Ukonde umene ankang'amba unali wa munthu amene nayenso ali ndi ana. Ndikungonena kuti ndinaona mmene zinayambira, ndipo zinayambira pakhomo pathu, ndi nkhuku za amayi ndi nyimbo ya pamtondo, kudoko kunali kotsatira chabe.

Nsomba zong'ambika zinapitiriza kubwera. Ankaziwamba kuseri, n'kukagulitsa kutali. Ine ndinkangoyang'ana. Ndinkayang'ana amene akudutsa, amene waima, amene wanunkhiza utsi. Ndikamufunsa ankati, "Ukufuna ana ako azivala masaka?" Ndiye tsiku lina anabwera akukankha njinga. Inali yakale, yopanda zotchinga matope, chishalo chomanga ndi mphira, koma belu linkalira.

Amayi anga anasiya kulankhula ndi nkhuku tsiku lomwelo. Anatuma mwana kuti akapereke mpando kwa mkamwini wawo. Nyimbo ya bulangete inatha pamtondo, anayamba kuimba za wina. Achimwene anabwereka njingayo kupita nayo kuchigayo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti yachokera kuti. Mpaka lero ndikakhala ndekha chimenechi chimandibwerera. Anthu omwe aja amene ankawerenga chilichonse chimene iye analibe, atachipeza sanafune kudziwa njira yake. Ndipo iye anawongoka msana, anayamba kuseka ndi ana, kumukweza wamkaziyo pachishalo n'kumuzungulitsa pabwalo. Ndinamuona ali munthu amene ndinamudziwa kumsasa. Ndinkafuna kukondwa naye koma mtima unkakana.

Kudoko anthu anayamba kudandaula. Poyamba ankati ndi ng'ona kapena akatumbu. Kenako anati katumbu sadula ulusi ndi mpeni. Kenako ukonde wathunthu unasowa, wa bambo wina wachikulire wa kumzikiti, amene ankadziwana ndi malemu bambo anga. Bamboyo sindinkamuopa. Ndinkaopa anyamata a padoko, a kumzikiti ndi a kutchalitchi omwe, amene anakula ndi nkhondo ndipo sankadikira kuti polisiya ichoke ku Insaca.

Ndinali nditaona chimene amachita. Nditapita ndi wamng'onoyo kusikelo ku Insaca, ndinakhala pabenchi limodzi ndi mayi wina wa kutsidya kwa dambo, atanyamula mwana womangidwa nsalu mwendo wonse. Ndinamufunsa, anandinong'oneza. Mwamuna wake anamupeza ndi ukonde wa eni. Iye anathawa, anyamata anafika masanasana n'kuyatsa denga, osafunsa kuti m'katimo muli ndani. Mwanayo anali m'tulo. Mayiyo ankalankhula akuyang'ana pansi, ndipo ine ndinkayang'ana mwendo uja, fungo la mankhwala likundilowa, n'kumaganiza za denga lathu la udzu wouma, ndi wamng'ono wanga amene amagona masana.

Linali Lachisanu m'mawa pamene zinandifikira. Ndinapita kuchitsime ndi ana onse awiri. Wamkaziyo anakhala pamchenga akusewera ndi kanthu kena, ine osasamala. Pamzere panali mpongozi wa bambo wachikulire uja, mkazi wa mwana wake, atafunda mpango kumutu. Ndinaona kuti wasiya kutunga, akuyang'anitsitsa m'manja mwa mwana wanga. Ndinayang'ana nanenso.

Asodzi a pa Chiuta amadula mapatapata akale n'kumangirira kumtunda kwa matchera kuti ukonde uziyandama, ndipo aliyense amadula mwa njira yake kuti adziwe wake pamadzi. Kamene kanali m'manja mwa mwana wanga kanali kobiriwira, kodulidwa ngati tsamba, kokhala ndi mano mbali imodzi.

Mayiyo anawerama, nalankhula mokoma. "Kachidole kokongola. Wakatenga kuti, mwanawe?"

"M'nkhokwe mwa ababa. Muli tambiri!"

Mayiyo anaweramuka. Sanandiyang'ane n'komwe. Anamanga mpango wake bwino, nasenza ndowa madzi ali theka, n'kumapita. Ndinadziwa pomwepo, chifukwa kwathu mkazi sachoka pachitsime ndi ndowa yosadzaza.

Ndinasiya ndowa yanga pomwepo. Ndinamugwira mwanayo padzanja n'kuthamanga, wamng'ono akugunda mutu pamsana panga, mumtima ndikuwerenga kuti lero Lachisanu, amuna onse a padoko akhala pamodzi kumzikiti masana, akatuluka nkhani ikhala itafika kwa onse nthawi imodzi. Ndinakwera pankhokwe, ndinakankha chimanga, ndipo pansi pake panali ukonde wopindidwa bwino, ukununkha matope a m'nyanja, timapatapata tobiriwira tili ndandanda.

Mwamuna wanga anali kuseri, njinga ataigadamitsa, akupaka mafuta tcheni.

"Bambo a mwana, aona."

Anandiyang'ana, nayang'ana mwanayo, kachinthu kaja kakadali m'manja mwake. Sanakane.

"Ndikautaya kudambo," anatero. "Kapena tiutenthe pompano. Abwera apeza chiyani?"

"Mwana wanena kale pamaso pa anthu. Akabwera sadzafufuza, adzayatsa."

"Ndinkafuna ndigwiritse nyengo imodzi yokha. Ndikhale ndi ukonde ngati anzanga, ndisiye kutola za eni. Unkafuna ndikhale chiyani iwe? Amayi ako ankandidyetsa pamodzi ndi nkhuku. Tsopano amandipatsa mpando. Sunaone?"

"Ndinaona."

"Ndiye?"

"Ndinaonanso mwendo wa mwana uja ku Insaca."

Anayang'ana manja ake, ali bii ndi mafuta. Ndinamumvera chisoni, ndipo chisonicho sichinathe mpaka lero. Koma dzuwa linali likukwera.

Kwathu kuno nyumba ndi ya mkazi, pamalo pa amayi ake, ndipo ana ndi mbumba ya malume awo. Mwamuna ndi wobwera. Mkazi akatulutsa katundu wa mwamuna n'kumuika panja nkhoswe ikuona, aliyense wodutsa amadziwa kuti banja latha, munthuyo salinso wa nyumba imeneyo, ndipo mlandu wake sungagwere denga limenelo. Ndinali nditaonapo akazi akuchita zimenezi chifukwa cha mitala kapena kumenyedwa. Sindinaganizepo kuti ndidzazichita kwa munthu amene sanandikwezerepo dzanja.

Ndinathamangira kumunda kwa achimwene. Ndinawauza zonse ndili chiimire. Anaika khasu pansi.

"Chemwali, ukudziwa kuti ukatulutsa sungalowetsenso mawa? Anthu adzati tinawanamiza, ndipo pamenepo adzabwera ndi moto weniweni."

"Ndikudziwa, achimwene. Tiyeni."

Tinapeza amayi ataima pabwalo, atamva kale kwa ana a pamudzi, akulira kuti mkamwini wawachititsa manyazi, wakuba, iwo ankadziwa kuyambira kale. Achimwene anawayang'ana nati, "Amayi, khalani pansi. Njinga ija tonse tinakwerapo." Amayi anakhala pansi.

Ndinalowa m'nyumba. Katundu wake sanali wambiri: malaya, mathalauza ena, mpeni, lumo lometera. Ndinazikulunga m'bulangete lake la kumsasa, lomwe lija la m'nyimbo, ndinamanga mfundo, ndinatuluka nalo n'kuliika panjira, patsogolo pa khomo, khasu lake pamwamba. Achimwene anaima pambali pake nanena mokweza kuti oyandikana nafe amve, "Akunyadu, mlongo wanga wakutulutsirani katundu. Ine ndaona."

Mwamuna wanga anaimika njinga. Anamugwira wamkaziyo kumutu, nagwira phazi la wamng'ono limene linkalendewera pambali panga. Mtolo uja anauyang'ana koma sanautole.

"Usiyeni pomwepo," anatero, akuuza achimwene, osati ine. "Akabwera auone."

Anakwera n'kulowera njira ya ku Amaramba, osaliza belu.

Ukonde ndinaukulunga m'kapulana n'kusenza pamutu. Unali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Sindinadzere kuseri kwa minda, ndinadzera pakati pa mudzi, wamng'ono kumsana, wamkaziyo padzanja, achimwene pambuyo, timapatapata tikulendewera kuti aliyense aone chimene ndanyamula. Anthu ankatuluka m'nyumba n'kuima. Ine ndinkangoyang'ana nsonga za zala zanga pamchenga.

Tinafika amuna akutuluka mumzikiti, akuvala nsapato pakhomo. Anyamata anali atasonkhana kale pansi pa mtengo, ena atagwira nkhafi, mmodzi ali ndi botolo la palafini. Ndinawadutsa. Ndinagwada patsogolo pa bambo wachikulire uja, ndinatula ukonde, ndinamasula kapulana.

"Bambo, ukonde wanu uwu. Unali m'nkhokwe mwanga. Anautenga ndi amene anali mwamuna wanga, ndipo nsomba zanu zambiri anadya ndi ana awa. Katundu wake ndamutulutsa, achimwene anga aona. Nyumba ija ndi yanga, muli ine ndi anawa basi."

Mnyamata wina anakuwa, "Wamuthawitsa! Ali kuti?"

"Wapita," ndinayankha. "Sindinamugwire mwendo."

Bamboyo anakhala pansi, natambasula ukonde pang'onopang'ono, akupeza pamene paduka, akugwedeza mutu. Anatenga nthawi yaitali, ine maondo akupsa ndi mchenga. Mwana wanga anatambasula dzanja n'kuwapatsa kapatapata kaja. Anakalandira, nakayang'ana, nakaika m'thumba la mkanjo.

"Ndiwe mwana wa malemu uja wa bwato lopindika mphuno?" anandifunsa.

"Inde, bambo."

Anatembenukira kwa anyamata aja. "Ukonde wabwera. Wakuba mukamupeza mubwere naye kwa ine. Nyumba ya mkazi mulibe nayo mlandu."

Si onse amene anamvera. Ena anati akufuna akadzionere okha ngati ndikunena zoona, ndipo ananyamuka. Ine ndinanyamuka patsogolo pawo, ndikuthamanga, mwana ndikumukoka, kuti akandipeze ndafika. Ndinatsegula chitseko mpaka kukhoma, ndinachotsa nsalu ya pazenera kuti m'kati muoneke monse, ndinakhala pakhomo penipeni, mwana wina pamwendo uwu wina pamwendo uwu, nkhope zawo zikuyang'ana kunjira.

Anafika n'kuima pamtolo uja. Wina anaukankha ndi phazi, khasu linagwa, lumo linatuluka n'kugwera pamchenga. Anasuzumira m'nyumba kudutsa pamutu panga, nasuzumiranso m'nkhokwe. Wapalafini uja ankasinthasintha botolo m'manja, akuyang'ana denga, akuyang'ana ana. Ine ndinkamuyang'ana m'maso osaphethira, chifukwa ndinkadziwa amayi ake, tinali limodzi kumsasa. Kenako mmodzi analavula pansi, n'kutembenuka, enawo n'kumutsatira.

Mtolowo sindinaukhudze. Madzulo kunachita mitambo, wamkaziyo anati, "Amayi, bulangete la ababa linyowa." Ndinamulowetsa m'nyumba pamodzi ndi mng'ono wake, ndinatseka chitseko, mtolo ndinausiya panjira pomwepo, mvula n'kuyamba.